Mustang ya mahosipawa 650 ikungopota matayala: drag radial ya pa rimu 20 kapena 17?

Funso la lero lachokera kwa m'bale wathu wina wa ku South Bend, m'boma la Indiana ku America. Ali ndi Ford Mustang GT ya 2019, yosintha yokha magiya, ya magiya 10, yokhala ndi Performance Pack (zida zapadera za ku fakitale, monga mabuleki akuluakulu). Anaiika supercharger, chida chopanikizira mpweya mu injini kuti mphamvu ichuluke, ndipo ataiyeza pa dyno, makina oyezera mphamvu, inatulutsa mahosipawa pafupifupi 650 ku matayala. Panopa ili pa marimu a mainchesi 20 ndi matayala wamba a mumsewu. Atapita nayo ku US 131 Motorsports Park ku Martin, Michigan, bwalo la mipikisano ya drag, yothamanga pa msewu wowongoka kuchokera poima, inatha kota ya mailo pa masekondi 11.7, liwiro la mamailo 132 pa ola, koma mafiti 60 oyamba inatenga masekondi 2.1 chifukwa matayala ankangopota. Akufunsa kuti: agule drag radial (tayala la labala wofewa lopangidwira mipikisano yotereyi) ya 305/35R20 aike pa marimu amene ali nawo kale, kapena agule marimu a mainchesi 17, kapenanso amvere anzake amene akumuuza za mainchesi 15? Galimotoyi amapita nayonso kuntchito m'chilimwe cha kumeneko.

Achimwene, zikomo potumiza manambala onse a pa kapepala ka nthawi kamene anakupatsani ku bwalo, chifukwa yankho lili pomwepo. Liwiro la 132 likunena kuti injini yanu ilibe mlandu. Galimoto yolemera ngati imeneyi ikamadutsa pa mzere womaliza ndi liwiro lotero, ndiye kuti ndi ya masekondi 10 ndi kanthu. Sekondi yonse yathunthu mukuitaya pa mamita 18 oyamba. Ife a mipikisano yotereyi tili ndi kawerengedwe kathu kakale: mukachotsa 0.1 pa mafiti 60, kumapeto kumachoka pakati pa 0.15 ndi 0.2. Mutatsika kuchoka pa 2.1 kufika pa 1.6, zimene n'zotheka ndithu, mudzapezeka pafupi ndi 10.8 osakhudza ngakhale nati imodzi ya pa injini.

Ndinene kaye maganizo anga osazungulira: gulani marimu awiri a kumbuyo a 17x10 (mainchesi 17, m'lifupi mainchesi 10), muikepo 305/45R17, ndipo a mainchesi 20 aja muwasunge oyendera kuntchito. Za mainchesi 15 zisiyeni kaye. Zifukwa zake ndi izi.

Ambiri akamasankha tayala amayang'ana nambala yoyamba yokha, ya kutambalala. Amati 315 iposa 305, 305 iposa 275, basi nkhani yatha. Koma pa mpikisano wonyamuka galimoto itaima, nambala imene imagwira ntchito kwambiri ndi yachiwiri ija, yonena za kutalika kwa chipupa cha m'mbali mwa tayala, chimene m'magalaja amati sidewall. Nambalayi si mamilimita, ndi maperesenti a kutambalala. Tiyeni tiwerenge ndi matayala anu omwewo. Pa 305/35R20, chipupa ndi maperesenti 35 a 305, kutanthauza mamilimita 107. Pa 305/45R17 ndi mamilimita 137. Kutambalala n'kofanana, labala mwina ndi yemweyo, kampani ndi yomweyo, koma lina lili ndi mamilimita 30 oonjezera a chipupa. Pa 275/60R15, limene anzanu akukuuzani, chipupa chimafika mamilimita 165, ngakhale kuti tayalalo ndi lopapatiza kuposa onse awiriwo.

Chipupacho chimatani? Nyali yobiriwira ikayaka n'kuponda moto, rimu imafuna kuzungulira nthawi yomweyo pamene galimoto ya matani pafupifupi awiri ikadali chiimire. Payenera kukhala china chogonja pakati pa ziwirizi. Chipupa chachitali chimapindika, chimachita makwinya, n'kumeza nkhonya yoyamba ija, kenako n'kuibweza pang'onopang'ono ngati legeni. Nthawi yomweyo kulemera kwa galimoto kumathamangira kumbuyo, tayala n'kuphwatalala, malo okhudza pansi n'kutalika cha kutsogolo ndi kumbuyo. Chipupa chachifupi chilibe popindikira. Nkhonya yonse imafika pansi kamodzin'kamodzi, labala n'kulekerera, utsi n'kuyamba. Ndipo khalidwe la drag radial ndi lakuti likayamba kupota silibwerera msanga. Muyenera kuchotsa phazi kuti ligwirenso, ndipo pamenepo ulendo wawonongeka kale. Ndaona magalimoto ambiri a marimu akuluakulu onyezimira, okongola zedi pa malo oimikapo, akusiyidwa ndi anzawo a marimu aang'ono osaoneka bwino. Chikomekome cha mkuyu.

Ngati mukufuna umboni wosachokera kwa ine, onani zimene Dodge anachita. Challenger SRT Demon ya 2018 inatuluka ku fakitale ili ndi ma drag radial a Nitto NT05R a 315/40R18, ndipo inatha kota ya mailo pa masekondi 9.65. Mu 2023 atatulutsa Demon 170, ya mahosipawa 1,025 pa mafuta a E85, osakaniza ethanol wambiri ndi petulo, sanakulitse rimu kapena kutambalitsa tayala. Anatsika kufika pa rimu ya mainchesi 17 kumbuyo, n'kuika Mickey Thompson ET Street R ya 315/50R17. Kutambalala kunakhala komweko, 315, koma chipupa chinachoka pa mamilimita 126 kufika pa 157. Galimoto imeneyo inachita 8.91. Mainjiniya okhala ndi ndalama zoyesera chilichonse anasankha rimu yaing'ono ndi chipupa chachitali.

Nanga bwanji osangopita pa 15, ngati chipupa ndicho chofunika chotere? Anzanu sakunama. Tayala la 275/60R15 ndi limene latchuka kwambiri m'mbiri ya drag radial, moti pali gulu lonse la mpikisano lotchedwa X275, ndipo ku South Georgia Motorsports Park, kumene kumachitika mpikisano wa Lights Out, magalimoto a mahosipawa masauzande amathamanga pa marimu a mainchesi 15. Vuto ndi mabuleki. Rimu iyenera kuphimba disiki ya buleki ndi kalipa yake, chida chopana disikiyo, ndipo madisiki a kumbuyo kwa Mustang yanu ndi a mainchesi pafupifupi 13. Rimu ya 15 sikwana pamenepo. Muyenera kugula mabuleki aang'ono a kumbuyo, kusuntha kapena kusintha zida zina za pansi pafupi ndi rimu, ndipo pa zida zina zoterezi buleki ya pamanja imasintha kagwiridwe kake. Ndi ndalama zambiri, komanso mukuchepetsa mabuleki a galimoto imene Lolemba m'mawa idzakhala pakati pa anthu opita kuntchito. Galimoto ikafika pa mahosipawa 900 kapena 1,000, n'kumapita ku bwalo ili pa ngolo, pamenepo 15 imamveka. Pa 650, rimu ya 17 imakupatsani gawo lalikulu la phindu popanda kumasula buleki ngakhale imodzi. Lamulo langa ndi lakuti musankhe rimu yaing'ono kwambiri imene ikuphimba mabuleki amene muli nawo.

Ubwino wina wa 305/45R17 ndi msinkhu wake. Tayala lonse kuchoka pansi kufika pamwamba ndi mainchesi 27.8. La ku fakitale la Performance Pack, 275/40R19, ndi mainchesi 27.7. Kusiyana kwake n'kosaoneka, choncho wotchi ya liwiro siinama, giyabokisi isintha magiya pa nthawi yake, ndipo kompyuta ya ABS ndi ya AdvanceTrac, zoteteza kuti galimoto isaterereke, sizidabwa. Ichi anthu amachiiwala. Kompyuta ya galimoto imayerekeza kuzungulira kwa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Msinkhu ukasiyana kwambiri, imaganiza kuti galimoto ikuterereka, n'kuyamba kudula mphamvu kapena kugwira buleki inu muli pa liwiro lalikulu. Yesetsani kuti a kutsogolo ndi a kumbuyo asasiyane kuposa maperesenti atatu. La 305/35R20 lija ndi mainchesi 28.4, lalitaliko pang'ono, ndipo tayala lalitali limalemetsa giya, galimoto n'kunyamuka mwaulesi.

Tsopano za rimu yeniyeniyo, chifukwa kungonena kuti 17x10 sikukwana. Mabowo a mabawuti a rimu ya Mustang ndi 5x114.3, izo n'zosavuta. Chovuta ndi offset, kapena backspacing monga amanenera ogulitsa marimu a mpikisano ku America. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi: rimu ikhala molowa m'kati bwanji kapena motuluka kunja bwanji. Pa Mustang za kuyambira 2015 mpaka 2023, marimu a 17x10 a kumbuyo kawirikawiri amakhala ndi offset ya pafupi ndi +50, imene ndi backspacing ya mainchesi 7.5. Ikatuluka kwambiri, tayala limakhula madigadi galimoto ikakhala pansi ponyamuka, ndipo mlomo wa madigadi umacheka chipupa ngati lumo. Ikalowa kwambiri, limakhula shoko kapena kachitsulo kolumikiza sway bar, chitsulo chochepetsa kupendekeka pokhota. Gulani rimu imene wopanga wake walemba poyera kuti ndi ya galimoto yanu, Weld, Forgestar, Race Star ndi ena ali nazo, koma musakhulupirire pepala lokha. Rimu ikafika, musanaikepo tayala, ivekeni pa galimoto, mumange manati awiri kapena atatu, muizungulize ndi dzanja. Payenera kutsala mpata wa mamilimita osachepera atatu pakati pa rimu ndi kalipa, ndipo muuze woika matayala kuti asamate timitovu tolinganizira tayala pamalo amene kalipa imadutsa. Rimu yoikidwa kale tayala ogulitsa ambiri sailandiranso. Funsaninso za manati, chifukwa marimu ena a mpikisano amafuna manati a khosi lalitali okhala ndi mawashala, osati a ku fakitale. Mabawuti anu ndi a M14x1.5, ndipo amamangidwa pa 150 lb-ft pa sipanala yoyeza kulimba. Muyesenso mukatha ulendo woyamba.

Rimu ya mainchesi 10 m'lifupi ndiyo yoyenera tayala la 305. Mukalipanikiza pa rimu yopapatiza, pakati pamatukuka, m'mbali osagunda pansi, ndiye kuti mwalipira labala amene sakugwira ntchito.

Mtundu wa tayala nawo umatengera moyo wa galimoto. Matayala onsewa ali ndi chidindo cha DOT, cha unduna wa zamtengatenga wa ku America, koma chidindocho sichitanthauza kuti ndi anzeru kuyenda nawo tsiku lililonse. Nitto NT555RII ndi wofatsa: ali ndi tingalande tokwanira tochotsa madzi, amakhalitsako, ndipo munthu akhoza kuchoka naye kunyumba, kuthamanga, n'kubwerera. Mickey Thompson ET Street S/S ali pakatikati. Mickey Thompson ET Street R ndi Hoosier DR2 ali pafupifupi osalala, tingalande tochepa kwambiri, ndipo pa bwalo lokonzedwa bwino ndi mankhwala omata amagwira modabwitsa. Popeza mudzakhala ndi marimu awiri apadera, amene mudzavala Lachisanu madzulo n'kuvula Lamlungu, ine ndingasankhe ET Street R. Koma ngati mukudzidziwa kuti mukangowavala simudzawavulanso mpaka chisanu chitayamba, khalani woona mtima, mugule NT555RII. Mudzataya pang'ono pa mafiti 60, koma mudzafika kunyumba.

Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa ndinaziona. Tsiku lina tikuchokera ku bwalo, mnzanga anali patsogolo panga ndi matayala osalala otere, mvula n'kutipeza pa msewu waukulu. Sankathamanga n'komwe. Anangodutsa pa madzi oima, mbuyo ya galimoto n'kuyandama, n'kuzungulira kawiri, n'kukathera mu udzu wa pakati pa misewu. Mulungu anatichitira chifundo kuti panalibe galimoto ina pafupi. Tayala lotambalala lopanda ngalande likakumana ndi madzi limasanduka bwato. Mvula ikakupezani muli pa ET Street R, patukani, mudikire.

Pali chinthu china chokuthandizani chimene mwina simunachiganizire, ndicho giyabokisi yanu. Drag radial imagwirizana kwambiri ndi galimoto yosintha yokha magiya, chifukwa torque converter, chida cholumikiza injini ndi giyabokisi pogwiritsa ntchito mafuta, imapereka mphamvu mofewa. Mukanakhala ndi ya kilachi, ndikanakuuzani zina: kilachi imamenya tayala mwadzidzidzi, radial n'kupota kapena kudumphadumpha, ndipo ambiri a kilachi amapeza mtendere pa matayala a bias-ply, a kapangidwe kakale kosiyana ndi radial, amene amalola kupota pang'ono n'kugwirabe. Koma bias-ply kumbuyo ndi radial kutsogolo ndi ukwati wovuta, galimoto imagwedezeka uku ndi uku pa liwiro lalikulu. Inu zimenezi sizikukukhudzani. Khalani pa radial mbali zonse zinayi.

Walira mvula walira matope. Matayala akayamba kugwira, mphamvu imene inkathera mu utsi imayamba kufufuza chinthu chofooka. Mustang ya kuyambira 2015 ilibe ekiselo imodzi yolimba kumbuyo ngati zakale. Tayala lililonse limayenda palokha, ndipo difu, bokosi logawa mphamvu ku matayala awiriwo, imakhala pa kafelemu komangidwa ndi malabala ofewa kuti galimoto isachite phokoso. Ponyamuka mwamphamvu malabalawo amapindika n'kubwerera, tayala limagwira, kulekerera, kugwiranso, mbuyo yonse n'kumanjenjemera ngati chigayo. Ndiye wheel hop imeneyo, ndipo ndi imene imathyola mashafiti. Mukangoimva, chotsani phazi pompo, musalimbane nayo. Musanapite ku bwalo ndi matayala atsopanowa, ikani zida zolimbitsa kafelemu kaja ndi mabushi olimba a difu. BMR ndi Steeda amapanga zoterezi ndipo sizidula poyerekeza ndi shafiti yothyoka pamodzi ndi galimoto yodzakukokani. Pa mahosipawa 650 ndi tayala logwira bwino, mashafiti olimba a kumbuyo muwaike pa mndandanda wa zogula posachedwa.

Za kutsogolo ndingodutsapo. Timatayala topyapyala timene mumaona pa magalimoto a mpikisano timachepetsa kulemera ndi kukhuzana ndi msewu, phindu lake mwina 0.1. Performance Pack ili ndi mabuleki a Brembo a madisiki a mainchesi 15, choncho kutsogolo rimu ya 17 sikwana, muyenera ya 18x5. Timatayalati timachepetsa mphamvu yoima komanso yokhota. Chaka choyamba musawononge ndalama pamenepo.

Mpweya ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Amaona anzawo a matayala osalala a bias-ply akuika 12 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala), iwonso n'kutsatira. Radial siifuna zimenezo. Ikachepa mpweya kwambiri, pakati pa tayala pamalowa m'kati, m'mbali mokha n'kumagunda pansi, ndipo kumapeto kwa bwalo galimoto imayenda mozemba. Yambani pa 20 psi. Thamangani, onani nambala ya mafiti 60, tsitsani 1 psi, thamanganinso. Nambala ikasiya kutsika, bwererani pamene inali yabwino. Ambiri pa galimoto ngati yanu amakhazikika pakati pa 17 ndi 20. Cholinga ndi mpweya wochuluka umene tayala lingagwire nawo, osati wochepa. Gulani geji yabwino yowerenga mpweya wochepa, muzigwiritsa ntchito yomweyo nthawi zonse, matayala onse awiri akhale ofanana ndendende, ndipo muziyeza musanalowe pa mzere, chifukwa tayala la mbali imene dzuwa likuwomba limakwera lokha. Muzilemba zonse m'kabuku: mpweya, nthawi, kutentha kwa tsikulo, nambala ya mafiti 60. Pobwerera kunyumba popani mpaka pafupi ndi 30. Kuyenda mtunda wautali ndi 18 psi kumatenthetsa chipupa mpaka kuchiwononga.

Tengani choko kapena penti yoyera, mulembe mzere umodzi wodutsa pa rimu ndi pa tayala. Mukatha ulendo uliwonse, yang'anani. Mzere ukasuntha pang'ono tsiku loyamba si nkhani, mafuta oikira tayala amakhala asanaume. Koma ukamasunthabe ndi inchesi kapena kuposa ulendo ndi ulendo, ndiye kuti rimu ikuzungulira m'kati mwa tayala, ndipo nthawi ya rimu ya beadlock, yokhala ndi mkombero wopanikiza tayala ndi mabawuti, yakwana. Pa mphamvu zanu mwina simufika pamenepo, ndiye musalipiriretu.

Kutenthetsa matayala nakonso n'kwa muyeso. Galimoto yanu ili ndi line-lock ya ku fakitale mu Track Apps, mapulogalamu a pa sikirini ya galimoto, yogwira mabuleki a kutsogolo okha. Popeza kutsogolo kuli matayala a ngalande, zungulirani dambo la madzi lonyowetsera matayala limene limakhala musanafike pa mzere n'kulowamo chobwerera m'mbuyo, ngati oyang'anira akulola, kuti musakhetsere madzi pa mzere wonyamukira, pamene inuyo ndi wobwera pambuyo panu muyenera kugwira. Matayala atsopano amafuna kuwapotetsa kwakanthawi ulendo woyamba kuti khungu la pamwamba lichoke. Pambuyo pake masekondi atatu kapena anayi, utsi ukangooneka, zakwana. Utsi wochuluka umasangalatsa oonerera, koma labala akatentha mopitirira amachita mafuta, ndipo mukuotcha ndalama zanu. Ponyamuka musayambe ndi ma rpm (kuzungulira kwa injini) okwera. Yambani motsika, mugwire bwino, kenako muzikweza pang'onopang'ono. Ngati ikupotabe, pitani kwa amene anakutchunirani kompyuta ya injini kuti achepetse mphamvu mu giya yoyamba ndi yachiwiri. Masupercharger ambiri amapereka mphamvu yambiri pa ma rpm otsika pomwe, ndipo palibe tayala limene lingameze yonse pa bwalo losakonzedwa bwino.

Pogula, werengani manambala anayi omaliza a pa chidindo cha DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 1524 ndiye kuti sabata la 15 la 2024. Labala wofewa chonchi amauma msanga kuposa wa tayala wamba, choncho drag radial yogona m'sitolo zaka zitatu kapena zinayi si mtengo wotsika, ndi tayala lina. Ogwiritsidwa kale ntchito ndimawakana, ngakhale ngalande zikuoneka zakuya, chifukwa chimene chimapha tayala lotere ndi kutentha n'kuzizira kambirimbiri, ndipo zimenezo diso silingaone.

Ndipo poti muli ku Indiana, kumene chisanu chimatsika kupitirira pa 0, musasiye matayalawa pa galimoto kapena m'galaja yozizira. Labala wa mpikisano akazizira kwambiri amauma gwa, ndipo mukamuyendetsa kapena kungomugwetsa ali choncho amang'aluka, ming'alu yosakonzeka. Nyengo ya mipikisano ikatha, avuleni, muwatsuke, muchepetseko mpweya, muwakulunge m'mapulasitiki akuda, muwaike m'nyumba kutali ndi dzuwa ndi chotenthetsera.

Musanapite ku bwalo, imbirani a tech inspection, oyendera galimoto isanaloledwe kuthamanga, muwauze nthawi imene mukuyembekezera. Chisoti chovomerezeka chimafunika kale kwa aliyense wothamanga masekondi 13.99 kapena mofulumira kuposa pamenepo, ndipo pa nthawi zofulumira ngati zanuzi pali zina zimene adzayang'ana, mwa izo mavalavu achitsulo a pa marimu atsopanowo, amene ndi bwino kuikiratu pomwe akuika matayala. Mukathamanga maulendo atatu kapena anayi, nditumizireni timapepalato pamodzi ndi mpweya umene munaika pa ulendo uliwonse. Ngati mafiti 60 akadali pamwamba pa 1.7, tidzayang'ane mashoko a kumbuyo.